Abusa a asilikali akupuma pantchito? Umu ndi mmene mungawakonzere mwambo wowathokoza kuno ku Blantyre

Abusa a asilikali, awa timati achapuleni aja, akamapuma pantchito kawirikawiri zotsanzikana zimathera ku barracks komweko, akuluakulu alankhula, anyamata apereka sawatcha, kenako katundu wakwera lole munthu watuluka pageti basi. Ife a mpingo amene tinawatumiza kumeneko, ndi abale awo amene tili ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe kaya ku Machinjiri, timangomva patapita miyezi kuti abusa aja anapuma, ndiye mawu onse abwino timawasunga mpaka tsiku la maliro awo pomwe eni ake sangamvenso kanthu. Ndalemba izi kwa inu amene mukufuna kuwathokoza akadali moyo, kaya ndinu akuluampingo, kaya ndinu ana awo, kaya ndinu asilikali opuma amene munadutsa m'manja mwawo. Nditsata ndondomeko yake kuyambira poyamba mpaka mwambo utatha, koma penapake ndichedwapo chifukwa mpomwe anthu amalakwitsa kwambiri.

Choyamba, musanatsegule n'komwe gulupu ya WhatsApp, inu a komiti dziwani kaye ntchito imene munthuyu wakhala akugwira, chifukwa mukapanda kuidziwa mukonza mwambo wofanana ndi wotsanzikana ndi abusa amene akusamukira ku mpingo wina, pomwe izi nzosiyana kutali. Chapuleni ndi m'busa, wansembe kapena shehe weniweni wodzozedwa ndi mpingo wake, koma amavalanso yunifomu, ali ndi renki, ndipo amapita komwe asilikali atumidwa. Akhoza kukhala kuti watumikira ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu, ku Chilumba ku Karonga, ku MAFCO ku Salima komwe amaphunzitsira asilikali, kapena kwa asilikali a pamadzi ku Monkey Bay, ndipo ena anapitako kunja ndi anyamata okasungitsa mtendere ngati ku Ivory Coast ndi ku DRC. Malamulo a nkhondo a ku Geneva a 1949 amamuwerengera limodzi ndi achipatala, si munthu womenya nkhondo, sayenera kuomberedwa, ndipo olo atagwidwa ndi adani satengedwa ngati mkaidi wa nkhondo wamba. Koma chipolopolo sichiwerenga malamulo, ndiye dziwani kuti munthu ameneyu amakhala pamalo oopsa omwewo pamene anzake ali, iye chida chake chili Baibulo kapena Korani basi.

Ndipo ntchito yake yambiri sioneka. Kumbukirani mu November 2018 pamene asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC, mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete amene anafa atapulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu May 2019 a United Nations anamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York. Kumbukirani January 2025 pamene ena atatu anatisiya kum'mawa kwa DRC komweko, kapena pa 10 June 2024 ndege ya asilikali itagwa ku Chikangawa ndi wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, mwa iwo muli asilikali oyendetsa ndegeyo. Kuno kwathu musaiwale March 2023, namondwe wa Freddy, asilikali akufukula matupi m'matope ku Chilobwe kunsi kwa phiri la Soche. Nthawi ngati zimenezi pamafunika munthu woti akagogode pakhomo la mayi amene sakudziwa kuti wasanduka wamasiye, woti ayime pamanda, woti akhale pansi usiku ndi mnyamata amene tulo sakupeza chifukwa cha zomwe waona. Imeneyo ndiye ntchito ya chapuleni, kuphatikizapo maukwati, maubatizo, kuyanjanitsa mabanja a m'malayini ndi kuyendera odwala. Mwambo wanu wonse uzizungulira pamenepa.

Chachiwiri, pitani mukawafunse eni ake. Zoti tiwapange sapulayizi zija zisiyeni, munthu amene wakhala zaka zambiri m'chisilikali sakonda kudzidzimutsidwa pagulu, komanso pali anthu ena amene angafune kuti aitanidwe omwe inu simukuwadziwa, ndi ena amene sangafune kuwaona pa tebulo lapamwamba pa zifukwa zawo. Pitani anthu awiri kapena atatu, mkulu wampingo mmodzi ndi mayi mmodzi wamkulu, mukhale pansi ndi abusa pamodzi ndi amayi busa. Ngati ndi bambo mfumu a Katolika ndiye lankhulani nawo komanso achibale awo apafupi, achemwali kapena amalume. Afunseni tsiku lenileni lomwe akupuma, mipingo ndi ma barracks omwe atumikira, nyimbo zomwe amakonda, ndime ya m'Baibulo yomwe yawayendetsa, komanso funso lomwe anthu amachita nalo manyazi: abusa, mukatuluka m'nyumba ya boma mukukakhala kuti, ndipo kumeneko kwatsala chiyani? Yankho la funso limeneli ndi lomwe lidzakuuzeni mphatso yoyenera, tifikako.

Chachitatu ndi makalata, ndipo apa musachite ulesi. Munthuyu ali ndi mabwana awiri, a mpingo ndi a chisilikali, onse ayenera kudziwa kudzera m'kalata osati pa foni chabe. Ku mpingo, ngati ndi a CCAP lemberani ku ofesi ya Sinodi ya Blantyre kudzera kwa abusa a pa mpingo panu, ngati ndi a Katolika dutsirani kwa bambo mfumu a parishi kuti nkhani ifike ku likulu la arkidayosizi, a Anglican chimodzimodzi ku dayosizi, ena onse tsatirani mmene mpingo wanu umayendera. Ku chisilikali lemberani mkulu wa gulu lomwe abusawo anali, ndipo abusa eni akewo akuuzani kuti kalata ilembedwe kwa ndani ndipo idutse kwa ndani, chifukwa kumeneko kudumpha munthu mmodzi pa mndandanda ndiye kuti kalata yanu yafera pomwepo. M'kalatamo nenani momveka kuti mwambo ndi wa mpingo ndi banja, tsiku, malo, nthawi, ndipo pemphani zinthu mwatchutchutchu: kuti atumize nthumwi, kuti alole asilikali ena kubwera, ngati angavale yunifomu kapena ayi, ngati kwaya ya ku barracks ingabwere. Musalengeze kwa anthu kuti kubwera bandi ya asilikali musanalandire yankho lolembedwa. Tumizani kalata miyezi iwiri kapena itatu tsiku lisanafike, asilikali amatumidwa mwadzidzidzi ndipo mapulogalamu awo amakonzedwa kale.

Komiti ikhale yochepa, anthu 7 kapena 8 akwana, ndipo mwa iwo pakhale msilikali wopuma mmodzi, olo atakhala sajenti wakale wa pa mpingo panu pomwepo. Munthu ameneyu adzakupulumutsani ku zambiri, ndi amene akudziwa kuti ndani akhala pati, renki iyi imatchulidwa bwanji, ndani alankhula pambuyo pa mnzake. Ngati mulibe, funsani a VELOM, bungwe la asilikali opuma lija, akhoza kukulozerani munthu. Msungichuma akhale wina, mlembi wina, ndipo ndalama zizilowa pa nambala imodzi yokha ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe komiti yagwirizana, aliyense akatumiza mlembi azilemba m'kope ndi kuika pa gulupu madzulo aliwonse. Gawani thumba pawiri kuyambira tsiku loyamba, ndalama za mwambo pazokha, ndalama za mphatso pazokha, apo ayi mudzazindikira kuti zonse zathera ku mpunga, zokongoletsa ndi DJ, abusa n'kupita kwawo ndi wotchi ya pakhoma.

Tsiku ndi malo ndidutsapo msanga. Nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, tenti ku Blantyre kuno ndi kudziika pa mavuto. June ndi July kuli chiperoni, okalamba amavutika pabwalo, ndiye mukasankha miyezi imeneyi mukhale mu holo. Pewani 6 July ndi Lamulungu la mu November lokumbukira asilikali omwe anafa pa nkhondo, lija anthu amavala timaluwa tofiira n'kukasonkhana pa chipilala ngati cha asilikali akale a King's African Rifles (KAR) ku Zomba, masiku amenewo asilikali ndi achapuleni onse amakhala pa ntchito. Loweruka la kumapeto kwa mwezi maholo ngati Comesa ndi Robins Park amakhala atatengedwa ndi maukwati, komanso kunena zoona simukufunika holo yodula, tchalitchi chanu ndi holo ya mpingo zakwana, ndipo ngati abusawo anadzozedwera pa St Michael and All Angels, ku Limbe Cathedral kapena pa St Paul's ndiye kupempha kuti mapemphero achitikire pomwepo kumawakhudza kuposa malo ena aliwonse. Ngati mukuyembekezera a Seventh Day ambiri musaike Loweruka m'mawa. Yambani 9 koloko kuti ochokera ku Zomba afike bwinobwino n'kubwerera kusanade, ndipo mukati 9 ikhale 9, asilikali amafika nthawi isanakwane ndipo kuwasiya akudikira pa benchi inu mukadamangirira mabaluni sizipereka ulemu ayi. Jenereta ikhale pafupi ndi mafuta ake, magetsi mukuwadziwa.

Tsopano gawo lomwe ine ndimaliona lofunika kuposa onse, kusonkhanitsa mbiri. Sankhani anthu awiri odekha, osati a pakamwa, apite kunyumba kwa abusa ndi kope ndi foni yojambulira. Mbiri ya pa pepala ndi yosavuta, anabadwa liti, anaphunzira zaubusa kuti, kaya ku Zomba Theological College kaya ku seminale ya Kachebere ndi St Peter's, anadzozedwa chaka chiti, analowa usilikali liti, anakwezedwa marenki liti, anapita kunja kangati. Zonsezi muwerengereni mwini wake kuti atsimikize, makamaka zaka ndi marenki, chifukwa kutchula Major munthu amene ndi Lieutenant Colonel pamaso pa anyamata ake ndi chipongwe olo mutachita mosadziwa. Pemphani kuona zithunzi ndi mamendulo, nthawi zambiri mupeza zili m'kachitini ka mabisiketi pansi pa sutikesi, tinsalu take titayamba kufwifwa, amayi busa ndi amene amadziwa pomwe zili ndipo akamatulutsa chimodzichimodzi muwasiye afotokoze, musawadule, mpomwe nkhani zenizeni zimatulukira, za miyezi yomwe anakhala okha ndi ana bambo ali kunja, foni ikalira usiku mtima uli phaa.

Mukatero funani anthu omwe abusawo anawatumikira. Banja lomwe anadalitsa ukwati wawo, msilikali amene anagona m'chipatala iwo n'kumamuyendera, mayi amene mwamuna wake anabwera m'bokosi lokutidwa ndi mbendera. Apempheni alembe kalata yaifupi kapena atumize voisi, inu mulembe. Koma apa pali malire ndipo musawadumphe. Zomwe munthu anauza chapuleni m'chipinda ndi zachinsinsi mpaka kalekale, kwa a Katolika za mu kulapa ndiye n'zosakambidwa n'komwe, ndipo olo m'mipingo ina m'busa amene waulula za uphungu wataya ubusa wake. Ndiye musawakakamize abusa kuti tatiuzeniko nkhani imodzi yogwira mtima, ndipo wolemba kalata akatchula dzina la munthu wina kapena vuto la banja la eni, lichotseni musanawerenge. Munthu akhoza kunena za iye mwini ngati wafuna yekha, koma asanene za mnzake. Chimodzimodzi za ntchito ya chisilikali, malo omwe anagona, kuchuluka kwa asilikali, zomwe zinachitika pa nkhondo yakutiyakuti, zimenezo mpatseni msilikali wa mu komiti uja awerenge kaye, akati ichi chichoke chichoke osatsutsana naye.

Amayi amasiye aja musangowatumizira uthenga pa gulupu ngati mukuitanira anthu ku bridal shower. Apitireni kapena aimbireni foni mwaulemu, muwauze kuti abusa aja akupuma ndipo tikufuna kuwathokoza, mukamasuka mubwere, mukaona kuti zikupwetekani tikumvetsa. Ena adzakana ndipo musawakakamize. Amene avomera muwaikire thiransipoti mu bajeti, chifukwa ambiri atachoka ku barracks moyo unawavuta, ndipo pa tsikulo akhale mipando ya kutsogolo moyandikana ndi banja la abusa, osati kumbuyo kwa kwaya. Musawaimiritse kuti anthu awaone pokhapokha atavomera okha.

Pulogalamu ya tsikulo ikhale ndi magawo awiri, mapemphero kenako zolankhula, zonse pamodzi zisapitirire maola atatu. Pa mapemphero sankhani mawu oyenera munthu wamoyo. Anthu ambiri amathamangira 2 Timoteo 4 ndime 7 ija ya kulimbana nako kulimbana kwabwino ndi kutsiriza njira, ndi mawu abwino koma makutu athu anawazolowera pa maliro, ndiye abusa akhala pamenepo ngati akumva ulaliki wa pa manda awo. Bola nkhani ya kenturiyo pa Mateyu 8, kapena Korneliyo pa Machitidwe 10, kapena Luka 3 ndime 14 pamene asilikali anafunsa Yohane kuti nanga ife tichite chiyani, koma koposa zonse tengani ndime yomwe eni ake anakuuzani muja. Lipenga lija amaliza poika maliro a msilikali musaliike pa mwambowu. Mukafuna kukumbukira omwe anatisiya, ndipo ndi bwino kutero chifukwa abusawo amawanyamula mumtima, imani chete mphindi imodzi, wina apemphere, kenako kwaya iyimbe nyimbo yachiyamiko. Kumbukiraninso kuti chapuleni amatumikira asilikali a mipingo yonse ndi Asilamu omwe, ndiye mlaliki muuzeni pasadakhale kuti si tsiku lonyoza zipembedzo zina, ndipo ngati kwabwera shehe kapena m'busa wa mpingo wina amene anagwira nawo ntchito mpatseni mphindi zake apereke moni.

Pa zolankhula tsatani dongosolo lathu lomwe lija, ang'onoang'ono ayambe, wamkulu kwambiri amalize, koma malo ambiri muwapereke kwa anthu omwe anathandizidwa osati kwa maudindo. Ine ndikanakhala wokonza ndikanaika chonchi: mwana mmodzi wa abusa, msilikali wamba mmodzi, mayi mmodzi wa ku barracks, kenako kuwerenga makalata atatu kapena anayi mwa aja munasonkhanitsa, kenako a mpingo, nthumwi ya chisilikali, ndipo abusa eni ake alankhule pamapeto popanda wowaonetsa wotchi. Enawo mphindi zisanu aliyense ndipo MC akhale wolimba mtima. MC ameneyu musatenge wa pa ukwati wozolowera kuseketsa anthu ndi nthabwala za asilikali omenya anthu m'tauni, mutengereni munthu wodekha, mumulembere marenki ndi mayina pa pepala ndi zilembo zazikulu, ayeserere kutchula dzulo lake pamaso pa sajenti wanu uja. Andale akabwera alandireni ngati Akhristu anzathu, akhale pansi apemphere nawo, koma maikolofoni ayi, nsalu za chipani ayi, chifukwa asilikali omwe ali pa ntchito saloledwa kuoneka pa zochitika za chipani ndipo chithunzi chimodzi chokha chikhoza kumuika munthu m'mavuto ku ntchito. Achinyamata a pa mpingo auzeninso kuti asabwere atavala zamawangamawanga zofanana ndi yunifomu poganiza kuti akulemekeza, a MDF akhala akuchenjeza anthu wamba za zovala zimenezi. Ndipo sawatcha ndi ya ovala yunifomu, ife enafe kuimirira ndi kuwomba m'manja kwakwana.

Amayi busa musawaiwale, chonde. A Mvano, a Mothers' Union kapena amayi a Chikatolika akhale ndi gawo lawolawo lowathokoza, awaveke chitenje, awapatse mphatso yawo yosiyana ndi ya abusa, chifukwa kusamukasamuka konse kuja, ana kusintha masukulu, kulandira amayi olira pakhomo nthawi ya nkhomaliro bambo kulibe, anasenza ndi iwowo ndipo palibe renki kapena mendulo yomwe analandira.

Za mphatso tsopano. Perekani-perekani sindikuletsa, ndi chikhalidwe chathu ndipo anthu amasangalala kuvina akuponya, koma ikhale kamodzi kapena kawiri, osati kuitana magulu makumi awiri mpaka dzuwa kupendeka, komanso musaitane asilikali potengera marenki kuti tione ma Captain aponya zingati, zimenezo zimachititsa manyazi anthu omwe mwina malipiro sanalandire. Mphatso yeniyeni ichokere pa yankho lija anakupatsani. Munthu wokhala m'nyumba ya boma akapuma amayenera kutulukamo, ndipo ndalama zopumira sizibwera tsiku lomwelo, ndiye ngati nyumba yawo ku Chileka kaya ku Lunzu yatsala denga gulani malata, ngati yatsala pansi gulani simenti, ngati kulibe magetsi ganizani za sola, ngati akubwerera kumudzi kukalima ndiye feteleza, mbuzi kapena njinga yamoto yoti aziyendera akaitanidwa kukalalikira. Gulani katunduyo ndalama zikangokwana, musadikire sabata ya mwambo chifukwa mitengo sikuima, ndipo musavutike kunyamula malata kubwera nawo ku tchalitchi, kasiyeni kunyumba, pa mwambo mungopereka lisiti mu emvulopu. Pambali pa zimenezo pakhale cha chikumbutso: makalata onse aja muwatayipe, muike ndi zithunzi, mukamangitse kabuku pa malo otayipira ndi kupanga fotokope omwe ali mbwee mu Limbe ndi m'tauni, makope awiri kapena atatu kuti ana adzagawane. Mamendulo musawatenge kukaika mu felemu musanafunse, ena amafuna kumawavala pa mwambo wa mu November uja, ndiye mwina bola kalipentala awapangire kabokosi kotsegula ka galasi pamwamba.

Chakudya chisakudyereni ndalama zonse, mpunga, nsima, nkhuku, nyemba ndi masamba zakwana, thobwa ndi zoziziritsa kukhosi. Nkhumba isiyeni chifukwa cha Asilamu ndi a Seventh Day, ndipo nkhuku kapena mbuzi ikaphedwe ndi Msilamu kuti aliyense adye momasuka. Mowa pa mwambo wa abusa ayi. Oyamba kulandira mbale akhale okalamba, asilikali opuma ndi amayi amasiye aja, ndipo ikani mtsikana kapena mnyamata mmodzi woti aziwayang'anira iwo okha, chifukwa pa mzere wa chakudya anthu ofatsa ndi omwe amatsalira.

Wojambula akhale mmodzi wodziwika ndi komiti. Afunse kaye nthumwi ya asilikali ngati ovala yunifomu angajambulidwe ndi kuikidwa pa Facebook, ndipo zopanga live musachite popanda chilolezo chawo. Amayi amasiye ndi ana awo asaikidwe pa intaneti akulira. Ngati mbali ina ya mwambo ichitikira ku barracks, foni m'thumba mpaka atakuuzani okha kuti apa mukhoza kujambula.

Mwambo ukatha ntchito ya komiti sinathe. Pasanathe sabata ikani lipoti la ndalama pa gulupu, zomwe zinalowa, zomwe zinatuluka, zotsala mwapereka kwa ndani, ndipo lembani makalata othokoza kwa mkulu wa asilikali uja ndi ku likulu la mpingo, kuti ena akadzapempha zomwezi mtsogolo chitseko chidzakhale chotsegula. Kenako khalani pansi ndi abusa a pa mpingo panu mukambirane mmene muwalandirire abusa opumawa, chifukwa munthu amene wazolowera kudzuka ndi lipenga, kukhala ndi anthu mazana omufuna tsiku lililonse, akangokhala pakhonde mwadzidzidzi zimamuvuta kwambiri. Apatseni Lamulungu lina azilalikira, apempheni azithandiza uphungu wa mabanja ndi wa achinyamata ofuna kulowa usilikali, koma muwafunse kaye ngati akufuna kupuma miyezi ingapo, musawaunjikire maliro onse a m'dera poti iwo anazolowera. Munthu amene wamva zowawa za anthu ena zaka zonsezi naye amakhala ndi zake zomwe sanauzepo wina, ndiye pakhale m'busa mnzake kapena mkulu wa msinkhu wawo woti aziwayendera mwezi ndi mwezi, ndipo amayi busa akakuuzani kuti bambo sakugona, akumadzidzimuka usiku kapena akungokhala okha osalankhula, musangoti tipemphere basi, pempherani ndithu koma muwaperekezenso kwa adokotala kapena aphungu a za maganizo, ku Queens kuno alipo. Ngati za penshoni zikuchedwa, sajenti wa mu komiti uja ndi anzake a VELOM amadziwa maofesi oyenera kugogoda, muwalumikizitse, ndipo thiransipoti ya ulendo woyamba wa ku Lilongwe ichoke pa ndalama zotsala zija.